Funso la Mayi wa Mapasa

Makolo akale sankaitchula mimba mwachisawawa. Mkazi woyembekezera ankati ndi wapakati, kutanthauza kuti waima pakati pa moyo ndi imfa, ndipo za m'mimba mwake sizinkakambidwa pabwalo. Mapasa nthawi zambiri ankadziwika tsiku lobadwa, pamene mzamba, atalandira mwana woyamba, wapapasa mimba n'kupeza kuti muli wina. Mwambi woti m'mimba ndi m'chipala unkavomereza umbuli umenewu: pa chipala chimodzi pamatuluka khasu, pamatulukanso mkondo, ndipo woima patali sangaloze chitsulo chili pamoto n'kunena chimene chidzakhale.

Lero chipala chija chinabooledwa zenera. Mayi wa Chimalawi wokhala ku Tembisa, ku Katlehong kapena ku Daveyton, m'dera la Ekurhuleni kum'mawa kwa Johannesburg, kumene agogo ake aamuna mwina ankakumba golide m'migodi ya Boksburg ndi Springs m'masiku a Wenela, akapita kusikelo ya amayi apakati akhoza kugonekedwa pabedi, kupakidwa mafuta ozizira pamimba, n'kuonetsedwa mitu iwiri pagalasi la sikani. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lidalangiza mu 2016 kuti mayi aliyense aunikidwe kamodzi mimba isanakwane milungu 24, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'choti mapasa adziwike msanga. Chifukwacho n'chomveka. Kafukufuku wa Christiaan Monden ndi Jeroen Smits wa mu 2017 adapeza kuti m'maiko a kum'mwera kwa Sahara, mwana mmodzi mwa ana asanu alionse obadwa mapasa ankamwalira asanakwane zaka 5, kuwirikiza katatu poyerekeza ndi ana obadwa okha. Anthu amakonda nkhani ya ana obadwa ambiri ikakhala yodabwitsa. Mu June 2021 dziko lonse lidatekeseka ndi mphekesera yoti mayi wina wa ku Tembisa wabereka ana khumi, nkhani imene boma la Gauteng lidaifufuza n'kupeza kuti n'njabodza. Mapasa enieni, obadwa masiku asanakwane ndi kulemera kochepa m'zipatala zomwezo, sadalembedwepo patsamba loyamba.

Dokotala akaona mitu iwiri, amayamba wafufuza ngati anawo akudyera nsengwa imodzi kapena aliyense ali ndi yake. Nsengwa ndi chiwalo chija chimene chimamatirira kuchiberekero n'kumadyetsa mwana kudzera mumchombo. Zimenezi zimaoneka bwino mimba ikakhala ya milungu 11 mpaka 14, ndipo pambuyo pake zimavuta kuzindikira. Komatu amayi ambiri amayamba sikelo mochedwa, ena chifukwa cha ganyu yosalola kujomba, ena poopa kufunsidwa mapepala pakhomo la kiliniki, ena potsata mwambo womwe uja wosaulula mimba isanaonekere. Ana odyera nsengwa imodzi amakhala ndi mitsempha ya magazi yolumikizana, ndipo pa mimba zotere 10 mpaka 15 mwa 100 zilizonse, magazi amayamba kuyenda mokondera: mmodzi amapereka kufikira chikhodzodzo chake chitauma, mnzake amalandira kufikira mtima utalemedwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 adaonetsa kuti kuwotcha mitsempha yolumikizayo ndi kuwala kwa laser kumapulumutsa ana ambiri kuposa kungopopa madzi, koma opaleshoni imeneyi imachitika m'malo owerengeka.

Sikani imayang'ananso impso. Kuyambira pakatikati pa mimba, madzi amene mwana amasambiramo, amene amatayika nsupa ikasweka, kwakukulu amakhala mkodzo wa mwanayo, ndipo mapapo ake amafuna madzi amenewo kuti akule. Choncho pa sikani ya milungu 18 mpaka 22 dokotala amaona ngati impso zonse ziwiri zilipo, ngati zatupa, ngati chikhodzodzo chikudzaza ndi kukhuthula. Mwa ana aamuna ena mumakhala kachikopa kotseka njira ya mkodzo, motero mkodzo umabwerera m'mbuyo n'kuononga impso mwana asanabadwe. Zilema zobadwa nazo za impso ndi njira ya mkodzo ndizo zimatsogolera pa zifukwa zimene impso za ana aang'ono zimalekera kugwira ntchito. Ena mwa ana amenewa amakula ndi impso zawo zomwe, ena amafika podalira makina osefa magazi, amene kuchipatala amati dayalisisi, ndipo ena amamwalira atangobadwa chifukwa mapapo sadakhwime. Sikani imatha kusonyeza kumene zinthu zikupendekera, koma siimatha kulumbira kuti mwana uyu ali m'gulu liti.

Apa ndiye pamene lamulo limalowa. Lamulo la South Africa la mu 1996 limalola kuchotsa mimba, ngakhale itapitirira milungu 20, ngati madokotala aona kuti mwana adzabadwa ndi chilema chachikulu. Ku Malawi lamulo lolembedwa limalola zimenezi pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Motero mayi wochokera ku Mangochi kapena ku Dedza amapatsidwa ku Joni chisankho chimene mayi ake sadachimvepo, ndipo pa mapasa chisankhocho chimakhala cha awiri ngakhale wodwala ali mmodzi. Ngati aliyense ali ndi nsengwa yake, n'zotheka kuimitsa mtima wa wodwalayo ndi jakisoni, koma pamakhala chiopsezo choti mimba yonse ingachoke. Ngati nsengwa ndi imodzi, mankhwalawo angawolokere kwa wabwinoyo, choncho pamafunika kutseka mchombo, njira yovuta kwambiri. Kungodikira nakonso kuli ndi mtengo wake, pakuti wodwalayo akafera m'mimba pa nsengwa yogawana, wotsalayo akhoza kufa kapena kuonongeka bongo. Palibe njira imene imakhudza mmodzi yekha.

Mayi akamva zonsezi, mwina kudzera mwa namwino womasulira m'Chizulu chimene iye amachimva mwa apo ndi apo, safunsa za maperesenti. Amafunsa kuti: "Adokotala, nanga akabadwa, adzakhala bwanji?" Funso limeneli si la sikani. Sikani imaona kukula kwa impso ndi kuchuluka kwa madzi, pamene mayi akufunsa ngati mwana adzaseka, ngati adzapita kusukulu, ngati adzadandaula kuti adabadwiranji. Ndipo dokotala, wofuna kapena wosafuna, amayankha. Akapanda kuyankha ndi pakamwa amayankha ndi nkhope, ndi kutsika kwa mawu, ndi njira imene wayamba kuitchula. Tsono nkhani ili pakuti, kodi yankho limeneli amalitenga kuti?

Madokotala ambiri amawadziwa ana a pa dayalisisi pa tsiku lawo loipitsitsa: paipi ya pakhosi yalowa tizilombo, thupi latentha, magazi athamanga, mwana wabwera pa ambulansi usiku. Amene amaona munthu pa masiku otere okha amaganiza kuti moyo wake wonse ndi wotero. Mu 2005 Jason Riis, Peter Ubel ndi anzawo ku America adapatsa odwala a pa dayalisisi timakompyuta ta m'manja timene tinkawafunsa kangapo patsiku mmene akumvera mumtima, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi anthu abwinobwino. Zidapezeka kuti odwalawo ankakhala osangalala pafupifupi mofanana ndi abwinowo, chonsecho abwinowo, atafunsidwa kuti ayerekeze moyo wa pa makina, adauyesa wachisoni kwambiri. Kafukufukuyu anali wa akuluakulu, ndipo sayenera kutambasulidwa mopyola malire ake. Komabe akuonetsa poyera kuti munthu wathanzi amalephera kuyeza moyo wa wodwala poungoganizira, ndipo digiri ya udokotala siichiritsa vuto limeneli.

Izi sizikutanthauza kuti moyo wa pa makina ndi wopepuka. Mwana wosefedwa magazi amalumikizidwa katatu pa mlungu, maola pafupifupi anayi ulendo uliwonse. Madzi akumwa amamuyezera, moti m'chilimwe amayang'ana anzake akugugudiza botolo iye atapatsidwa kachidutswa ka ayisi koti ayamwe. Nthochi, mbatatesi, tomato ndi malalanje zimachepetsedwa chifukwa cha potaziyamu amene akachuluka m'magazi amaimitsa mtima. Msinkhu umatsalira, mnyamata wa zaka 14 n'kumaoneka ngati wa zaka 9, ndipo manyazi ake amapweteka kuposa singano. Ana a ku Ekurhuleni ofunika chithandizo chotere kawirikawiri amatumizidwa kuzipatala zazikulu za ku Johannesburg, monga Charlotte Maxeke ndi Nelson Mandela Children's Hospital imene idayamba kulandira odwala mu 2017. Kuchokera ku Springs ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, matakisi awiri kapena atatu kupita, enanso pobwera, ndalama ya anthu awiri, ndipo mayi woyenda ulendo wotere katatu pa mlungu ntchito ya m'nyumba za eni ake imamuthera. Ilipo njira ina yosefera kudzera m'mimba, imene imachitikira kunyumba, koma imafuna chipinda chaukhondo, madzi osamba m'manja ndi malo osungira makatoni a mankhwala, zinthu zimene chisakasa cha malata cha chipinda chimodzi chilibe. Pamwamba pa zonsezi pamabwera mawu a kumudzi pa telefoni. Mwana akatupa nkhope ndi miyendo, akuluakulu ena amati ndi tsempho, kuti kholo lina lidasempha mwambo, ndipo banja lotopa kale limayamba kulozana zala.

M'masukulu ena a zaudokotala m'maiko osiyanasiyana muli mwambo wopereka wophunzira mmodzi kwa mwana mmodzi wa matenda okhalitsa, kuti azimuchezera kwa miyezi yambiri. Wophunzirayo sapereka mankhwala ndipo salemba m'failo. Amakhala pambali pa makina, amathandiza masamu amene mwana waphonya kusukulu, amasewera naye makadi, amamvetsera. Chichewa chili nalo kale dzina la munthu wotere. Pachinamwali pamakhala namkungwi, mwini malangizo, ndipo pamakhalanso phungu, wamkulu pang'ono kuposa namwali, amene amamuperekeza, kumulimbitsa mtima ndi kumuyankhulira pamene iye sangathe kuyankhula. Chipatala chadzaza ndi anamkungwi. Aphungu ndiwo amasowa, ndipo wophunzira wa ku Wits kapena wa ku Pretoria, amene sadayambe kulemedwa ndi mzere wa odwala, ndiye ali ndi chimene dokotala wamkulu alibe, chomwe ndi maola anayi.

M'maola amenewo amamva zimene sizilembedwa. Amamva mwana akuti, "Achimwene, musawauze amayi kuti ndinamwa madzi a pampopi kusukulu," n'kuzindikira kuti kusamvera malangizo kumene kumalembedwa m'failo ndi ludzu la mwana wa zaka khumi. Amaona kuti mwana yemweyo ali ndi timu ya mpira imene amaikonda, ali ndi mnzake wa pa makina oyandikana amene amakangana naye, ali ndi nthabwala zonena anamwino. Amaonanso tsiku limene mpando woyandikanawo wakhala wopanda munthu, ndipo palibe akufuna kunena chifukwa. Mohammadreza Hojat ndi anzake ku Philadelphia adalemba mu 2009 kuti chifundo cha ophunzira udokotala chimatsika m'chaka chimene amayamba kugwira odwala m'mawodi, chaka chomwe chimayenera kukwera. Mwina chifukwa china n'choti m'chaka chimenecho amaona anthu mazanamazana, aliyense mphindi khumi. Wophunzira amene wakhala ndi mwana mmodzi chaka chathunthu, akadzakhala pambali pa sikani patapita zaka khumi, adzayankha funso la mayi wa mapasa akudziwa chimene akunena.

Pali zotsutsa, ndipo si zopepuka. Choyamba, mwana wodwala si buku. Ngati cholinga cha chibwenzi n'kukonza mtima wa dokotala wa mawa, ndiye kuti mwanayo wagwiritsidwa ntchito, ngakhale mwaulemu chotani. Wophunzira amamaliza chaka, mayeso amafika, amasamukira kuwodi ina, ndipo mwana amene wazolowera kale kusiyidwa ndi anzake a kusukulu amasiyidwanso. Phungu wa pachinamwali ankakhala m'mudzi momwemo mpaka ukalamba, pamene uyu ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Chibwenzi chotere chimakhala cholungama pokhapokha ngati mwana ndi makolo ake auzidwa pachiyambi pomwe kuti chidzatha liti, ngati ali ndi ufulu wokana, ndiponso ngati muyeso wake ndi chimene mwana wapindula. Zimene wophunzira waphunzirapo zikhale ngati mphatso yobwera pambuyo.

Chotsutsa chachiwiri n'chakuya kuposa apo. Wokhala pambali pa makina amaona okhawo amene adafika pa makina. Saona khanda limene lidamwalira tsiku lachiwiri, kapena mtayo umene amayi okha adakauika mwakachetechete, kapena banja limene lidasweka panjira ya ku Parktown. Chikondi chake pa mwana mmodzi wochangamuka chingamuchititse kuuza mayi wa mapasa kuti zonse zidzakhala bwino, ndipo kumeneko n'kukondera kofanana ndi kwa dokotala uja woona masiku oipa okha, kungoti kwapendekera mbali ina. Mayi amene wasankha kuteteza mwana wabwinoyo, kapena amene waona kuti ana atatu ali kale kunyumba sangapirire, sayenera kuweruzidwa ndi munthu amene amabwera Lachitatu masana n'kubwerera kukagona kuhositelo. Koma mankhwala a kuona mbali imodzi ndi kuona zambiri. Phungu amene wakhalitsa amaona zonse ziwiri, kuseka ndi mpando wopanda munthu uja, ndipo chimene angapatse mayi ndi chithunzi chathunthu cha Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu la mwana wotere, kuti chigamulo chikhale cha mayiyo.

Chithunzicho sichikhala chathunthu ngati chasiya funso lakuti makinawo adzapezeka kapena ayi. Chiyambire, dayalisisi yakhala ikugawidwa mosankha. Belding Scribner atapanga mu 1960 kapaipi kolola munthu kusefedwa magazi mobwerezabwereza, ku Seattle kudakhazikitsidwa komiti ya anthu wamba yosankha amene alandire malo ochepawo, ndipo ana ankachotsedwa pamndandanda komiti isanakhale n'komwe pansi. Ku South Africa, Khoti loona za Malamulo Oyendetsera Dziko lidagamula mu November 1997 mlandu wa Thiagraj Soobramoney, bambo wa zaka 41 amene chipatala cha Addington ku Durban chidamukaniza dayalisisi chifukwa matenda ake ena sankalola kuti adzaikidwe impso ina. Khoti lidati boma silingakakamizidwe kupereka zimene thumba lake silikwanitsa, ndipo bamboyo adamwalira patangopita masiku ochepa. Mfundo yake idakhazikika: m'zipatala za boma, malo okhalitsa pa makina amapatsidwa kwa amene angathe kudzaikidwa impso. Tsono Gawo 61 la lamulo la zaumoyo la mu 2003 limati chiwalo sichiikidwa mwa munthu amene si nzika kapena wokhala m'dzikomo mokhazikika popanda chilolezo cholembedwa cha nduna. Mu 2019 mayi wina wa ku Ethiopia, wopempha malo othawirako, adaluza mlandu ku khoti la ku Johannesburg pa mfundo yomweyi. Mwana wobadwira ku Tembisa kwa makolo awiri obwera salandira unzika pobadwa. Kumbali inayo kuli Gawo 28 la malamulo oyendetsera dziko, lopatsa mwana aliyense ufulu wa chithandizo choyambirira cha zaumoyo, ndiponso chigamulo cha khoti la ku Gauteng cha mu April 2023 chotsimikiza kuti amayi apakati, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere posayang'ana dziko limene achokera. Mwana wa mayi wa Chimalawi uja ali pakati pa malamulo amenewa, ndipo kubwerera kumudzi kumamufikitsa kumene makina a boma adakhala kwa zaka zambiri ali m'zipatala ziwiri, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre.

Choncho mawu akuti "mwanayu sadzakhala ndi moyo wabwino" amanyamula zinthu ziwiri m'thumba limodzi. Gawo lina limachokera m'thupi la mwana, gawo lina limachokera ku bajeti, ku mapepala ndi ku mtengo wa takisi. Dokotala akazisakaniza, mayi amatuluka m'chipindamo akukhulupirira kuti chilengedwe chagamula, pamene mbali ina agamula ndi anthu. Mayiyo akhoza kusankha chimodzimodzi atamva zoona zonse, pakuti umphawi wake ndi weniweni ngati impso zotupazo, koma adzadziwa chimene walimbana nacho, ndipo sadzadziimba mlandu wa zimene sadapalamule. Amene angathe kulekanitsa zinthu ziwirizi ndi amene adaonapo mwana akuphonya tsiku la makina chifukwa ndalama ya ulendo yasowa, n'kumuona akubwera Lachisanu atatupa, akupuma movutikira, failo n'kulembedwa kuti matenda akula.

Watsala mmodzi amene sadatchulidwe mokwanira, mapasa mnzake. Impso yoyamba imene idasamutsidwa bwinobwino kuchoka mwa munthu kupita mwa mnzake inali ya mapasa. Pa 23 December 1954 ku Boston, Joseph Murray adatenga impso ya Ronald Herrick n'kuiika mwa m'bale wake Richard, ndipo thupi silidaikane chifukwa anali mapasa ofanana. Richard adakhala zaka zina zisanu ndi zitatu, adakwatira namwino amene ankamusamalira, n'kubereka ana. Ronald adakhala ndi impso imodzi mpaka 2010. Madokotala a nthawiyo adavutika mumtima asanayambe, chifukwa ankayenera kucheka munthu wathanzi popanda phindu lililonse kwa iye mwini, ndipo ankadzifunsa ngati m'bale wofunsidwa funso lotere angathedi kukana. Mapasa wabwino wa ku Katlehong amalowa m'ngongole yofananayo asanabadwe. Ali m'mimba amayikidwa pachiopsezo chifukwa cha mnzake, kapena mnzake amachotsedwa chifukwa cha iye. Akabadwa onse, iye ndiye amasiyidwa kwa oyandikana nawo nyumba katatu pa mlungu, amadya nthochi mobisa kuti mnzake asasirire, amakula msanga kuposa m'bale wake wa tsiku limodzi, ndipo akamakula amamva achibale akunong'onezana kuti mwina impso yake idzafanana. Mapulogalamu a aphungu amalemba dzina la wodwala yekha, ndipo pa fomu ya kuwodi palibe mzere wofunsa amene watsala kunyumba.